COKUTIRA COPYAPYALA CIMENE CINGATSITSE MTENGO WA FATALEZA

Mwezi wa October ukafika, nkhani imene imamveka m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi imakhala ya fataleza. Makasu amakhala atasulidwa, magoli a ng'ombe atakonzedwa, mbeu ili m'nyumba, koma mtima wa mlimi sukhala pansi kufikira matumba atafika pakhomo. M'caka ca 2022, nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine, mtengo wa fataleza unakwera pa dziko lonse lapansi, ndipo alimi a kuno analipira nawo cinkana nkhondoyo inali kutsidya kwa nyanja.

Ndi anthu ocepa amene adziwa kuti mphamvu ya m'thumba la fataleza wa pamwamba imacokera ku mipweya iwiri. Woyamba ndi naitrojeni, umene uli wodzaza m'mlengalenga ndipo sugulidwa. Waciwiri ndi haidrojeni, ndipo umenewu ndiwo umadya ndalama. Masiku ano akatswiri a sayansi m'maiko ambiri ali kalikiliki kufuna njira yotsika mtengo yotulutsira haidrojeni m'madzi. Cimene cawaimitsa mitu ndi kanthu kakang'ono zedi: cokutira copyapyala kuposa tsitsi la munthu, cimene amakutira naco mbale zacitsulo za m'makina opatula madzi.

Nkhani imeneyi ikhudza maofesi angapo a ku Longacres mu mzinda wa Lusaka. Kumeneko, pa msewu wa Los Angeles Boulevard, kuli nyumba ya Maxwell House, m'mene munaikidwa Unduna woona za Luso ndi Sayansi utakhazikitsidwa mu 2021. Pa msewu wa Haile Selassie pali likulu lokonza maphunziro a m'masukulu la Curriculum Development Centre, ndiponso bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia. Zimene ana a alimi adzaphunzira za sayansi, ndi ndalama zimene ofufuza a dziko lino adzapatsidwa, zimakambidwa m'nyumba zimenezi.

HAIDROJENI N'CIANI?

Haidrojeni ndi mpweya wopepuka kuposa mipweya yonse. Ulibe mtundu kapena fungo, ndipo umayaka msanga. Amene anayamba kuufotokoza bwino ndi Henry Cavendish wa ku England mu 1766. M'caka ca 1800 anthu ena awiri, William Nicholson ndi Anthony Carlisle, anaviika nthambo ziwiri za magetsi m'madzi mu mzinda wa London, naona tithovu tikutuluka ku nthambo zonse ziwiri. Ku nthambo imodzi kunali kutuluka haidrojeni, ku inzake okosijeni, mpweya umene anthu ndi nyama amapuma. Apo zinadziwika kuti magetsi angathe kupatula madzi.

Malita 9 a madzi amapatsa kilogalamu imodzi ya haidrojeni ndi makilogalamu 8 a okosijeni. Haidrojeni akaphatikizidwa ndi naitrojeni pamoto waukulu ndi mopanikiza kwambiri, pamatuluka amoniya, amene ali tsinde la fataleza wa urea ndi wa ammonium nitrate. Njira imeneyi anaipeza ndi Fritz Haber wa ku Germany mu 1909, ndipo Carl Bosch anaimangira fakitale yoyamba mu 1913.

Thumba limodzi la urea la makilogalamu 50 limafuna makilogalamu pafupifupi 5 a haidrojeni. Kuti haidrojeni ameneyo atuluke m'madzi pafunika malita 45, ndiko kuti zigubu ziwiri za malita 20 ndi kotsalako pang'ono. Madziwo ndi ocepa ndithu. Covuta ndi magetsi, pakuti pafunika mayunitsi oposa 250 pa thumba limodzi lokhalo.

Pa caka dziko lonse lapansi limapanga haidrojeni wokwana matani pafupifupi 100 miliyoni, koma pafupifupi yense amacokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi ku malasha. Njira zimenezi zimatulutsa utsi wocuruka umene uli kutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Haidrojeni wotengedwa m'madzi ndi magetsi a dzuwa, a mphepo kapena a m'madamu amachedwa wobiriwira. Dzinali silinena za maonekedwe ake. Litanthauza kuti popanga sipatuluka utsi. Kufikira lero haidrojeni wotere safika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100, cifukwa mtengo wake ndi wokwera kawiri kapena katatu, pena kuposa apo.

ZA KU KAFUE NDI ZA KU KWEKWE

Nchito yopanga haidrojeni si yacilendo m'cigawo cino ca Africa. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue, imene inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan, inayamba kugwira nchito mu 1970. Haidrojeni wake anali kucokera ku malasha a ku Maamba, ndipo ndi iyeyo anali kupanga amoniya ndi ammonium nitrate wa alimi ndi wa migodi. M'kupita kwa zaka makinawo anakalamba, ndipo kupanga amoniya ndi malasha kunaleka.

Kutsidya kwa Zambezi anatsata njira ina. Mu 1972 kampani ya Sable Chemicals pafupi ndi Kwekwe ku Zimbabwe inatsegula makina opatula madzi ndi magetsi otsika mtengo a ku Kariba. Makinawo anali m'gulu la akuluakulu pa dziko lonse, ndipo akamagwira nchito onse anali kufuna magetsi oposa mamegawati 100. Kwa zaka zoposa 40 alimi a ku Zimbabwe anathira m'minda yao fataleza wocokera ku madzi ndi mpweya, dzina lakuti wobiriwira lisanamveke n'komwe. Koma mu 2015, madzi atacepa mu Kariba ndipo magetsi atasowa, makinawo anazimitsidwa, kampaniyo n'kuyamba kudalira amoniya wogula kunja.

Phunziro la ku Kwekwe ndi lomveka. Makina opatula madzi amakhala ndi moyo ngati magetsi ali okwanira ndi otsika mtengo, ndiponso ngati makinawo sataya magetsi pacabe. Pa mfundo yaciwiriyi ndi pamene cokutira cija cimalowerera.

MKATI MWA MAKINA

Makina opatula madzi, amene pa Cingerezi amachedwa electrolyser, ali ngati mulu wa mbale zacitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizidwa mazanamazana. Pakati pa mbale ziwiri ziri zonse pali kansalu kolekanitsa mipweya iwiri ija kuti isasakanizike, pakuti ikasakanizika ingathe kuphulika. Madzi amayenda pakati pa mbalezo, magetsi amalowa, ndipo mipweya imatuluka uwu mbali yake, uwu mbali yake.

Mlimi ali yense amene anafolerapo nyumba ndi malata adziwa nchito ya cokutira. Lata ndi citsulo wamba cokutidwa ndi zinki. Zinkiyo ikali pomwepo, lata limapirira mvula zaka zambiri. Ikangopalika, dzimbiri limalowa ndipo denga limayamba kudontha. Cimodzimodzi mbale ya enamelo: ikasupuka pang'ono, posacedwa imabooka pomwepo.

M'makina opatula madzi zokutira zili ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndi kuteteza citsulo kuti cisadyeke. Yaciwiri ndi kufulumizitsa kupatuka kwa madzi. Cokutira ca mtundu waciwiriwu cimagwira nchito ngati nkhoswe: cimathandiza kuti nkhani ithe msanga, koma ico comwe cimatsala monga cinaliri. Malinga ndi masamu a sayansi, kilogalamu imodzi ya haidrojeni ifunika mayunitsi 39 a magetsi, koma makina a masiku ano amadya mayunitsi 50 kufikira 55. Otsalawo amangotayika ngati kutentha. Cokutira cabwino cimacepetsa kutayika kumeneku, ndipo popeza magetsi ndiwo amatenga gawo lalikulu la mtengo wa haidrojeni, yuniti iri yonse yopulumutsidwa imaoneka pa mtengo wa thumba.

Makina odziwika kwambiri ali a mitundu iwiri. Akale, onga aja a ku Kwekwe, amagwiritsa nchito madzi a potashi, abale ake a cidulo cimene amai amaphikira therere, koma aukali kwambiri. Mbale zake zimakhala za nickel kapena za citsulo cokutidwa ndi nickel. Makina amenewa ndi otsikirapo mtengo ndiponso okhalitsa, koma ndi akuluakulu ndipo sakonda magetsi okwera ndi kutsika.

A mtundu waciwiri amachedwa PEM, ndipo anayambidwa ndi kampani ya General Electric ku America m'zaka za m'ma 1960. Iwo ndi ang'onoang'ono ndi acangu. Mtambo ukaphimba dzuwa amatsika nthawi yomweyo, ukacoka amakweranso, motero amayenerana bwino ndi magetsi a dzuwa. Koma walira mvula walira matope: mkati mwa makina amenewa muli asidi. Ku mbali yotuluka okosijeni, asidi, magetsi ndi okosijeniyo zimagwirizana kudya citsulo. Citsulo cosacita dzimbiri, conga ca mipeni ndi masupuni, cimasungunuka pang'onopang'ono n'kuononga kansalu kaja. Cifukwa cake opanga amagwiritsa nchito titanium, citsulo colimba ndi codula. Nayo titanium ili ndi vuto lake: imamera khungu limene limatsekereza magetsi. Kuti khungulo lisamere, amaikuta ndi platinum kapena golide. Tsono cofulumizitsa cimene cimapirira bwino asidi ku mbali ya okosijeni ndi iridium.

CITSULO COSOWA KUPOSA GOLIDE

Iridium ndi cimodzi mwa zitsulo zosowa kwambiri pa dziko lapansi. Palibe mgodi wa iridium yekha. Amapezeka pang'onopang'ono pokumba platinum. Wocuruka amacokera ku South Africa, wina ku Zimbabwe ndi ku Russia. Pa caka conse migodi yonse pamodzi imatulutsa matani 7 kapena 8 okha. Popeza citsuloci ndi colemera kwambiri, iridium yense wa caka cathunthu sangadzaze migolo iwiri ya malita 210.

Pakati pa December 2020 ndi April 2021 mtengo wa iridium unakwera kuposa katatu. Akatswiri anawerengera naona kuti ngati maiko amanga makina onse a PEM amene analonjeza, osacepetsa iridium wa pa mbale iri yonse, citsuloci sicingakwane. Apo ndi pamene mpikisano wofuna zokutira zatsopano unakula.

ZIMENE OFUFUZA APEZA

Luso lokuta titanium linayamba kale. M'zaka za m'ma 1960 Henri Beer, katswiri wa ku Netherlands, anapeza kuti ukapaka mbale ya titanium ndi mankhwala okhala ndi zitsulo za mtundu wa platinum, n'kuiocha m'ng'anjo monga woumba amaochera mbiya, pamatsala khungu lolimba lolola magetsi kudutsa. Njira yake inasintha mafakitale opanga klorini, mankhwala othira m'madzi akumwa. Lero njira zokutira ndi zambiri: kuviika mbale m'madzi a mankhwala n'kudutsitsamo magetsi, kupopera ufa wa citsulo pa lawi lotentha kwambiri, kapena kuwaza titsulo tosaoneka ndi maso m'cipinda copopedwa mpweya wonse.

Ku Stuttgart m'dziko la Germany, ofufuza a bungwe la DLR anaonetsa kuti mbale za citsulo cosacita dzimbiri zingathe kupirira m'makina a PEM ngati zikutidwa ndi titanium, n'kuikanso pamwamba pake kakhungu ka niobium m'malo mwa platinum. Potero titanium wodula uja amangokhala ngati malaya, thupi lonse likhala la citsulo cotsika mtengo.

Mu 2023 gulu la Profesa Mingxin Huang pa University of Hong Kong linalengeza mtundu watsopano wa citsulo cosacita dzimbiri cimene cimadzimeretsa cokha khungu laciwiri la manganese pamwamba pa khungu loyamba la chromium. Izi zinadabwitsa akatswiri, cifukwa kale onse anali kukhulupirira kuti manganese amafooketsa citsulo pa nkhani ya dzimbiri. M'caka comweco ofufuza a pa University of Adelaide ku Australia anakuta cofulumizitsa ca cobalt ndi kakhungu ka chromium, natha kupatula madzi a m'nyanja ya mcere osayamba acotsamo mcerewo.

Mu 2024 gulu la Ryuhei Nakamura pa bungwe la RIKEN ku Japan linamwaza iridium pang'ono zedi pamwamba pa manganese, nacepetsa iridium wofunika ndi magawo 95 pa 100. Makina ao oyesera anagwira nchito maola oposa 3,000, ndiko kuti miyezi inai, osafooka.

Komabe miyezi inai si zaka khumi. Mwini fakitale amafuna makina amene adzagwira nchito maola zikwi makumi angapo asanasinthe mbale. Cokutira cimene cacita bwino pa kambale konga cidindo m'cipinda coyesera cingathe kusupuka pa mbale yaikulu ngati citseko. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ndiye cifukwa cake zambiri mwa zopezedwazi zikali kuyesedwa ndipo sizinafike m'mafakitale.

CUMA CA M'NTHAKA YA ZAMBIA

Wowerenga wacheru waona kale maina a zitsulo zimene ofufuza ali kuthamangirako pothawa iridium ndi platinum: nickel, cobalt ndi manganese. Zonse zitatu zimapezeka m'nthaka ya dziko lino. Mgodi wa nickel wa Munali pafupi ndi Mazabuka unatsegulidwa mu 2008, ndipo wa Enterprise ku Kalumbila unayamba kutulutsa nickel mu 2023. Cobalt wakhala akupezeka pamodzi ndi mkuwa ku Nkana ndi ku Chambishi kwa zaka zambiri. Manganese amakumbidwa ku Mansa, ku Serenje ndi ku Mkushi, ndipo ndi cifukwa ca manganese ameneyo kuti fakitale ya mabatire inamangidwa ku Mansa m'zaka za m'ma 1970, cinkana pambuyo pake inatsekedwa.

Luso la magetsi a m'madzi a mankhwala nalonso lilipo. Ku Mufulira mkuwa umayengedwa ndi magetsi m'matanki a asidi. Ku Nchanga, kuyambira mu 1974, mkuwa wakhala ukutengedwa m'zotsalira za mgodi, ndipo m'matanki ake madzi amapatuka ku mbale imodzi n'kutulutsa okosijeni pamene mkuwa ukumatirira ku mbale inzake. Anchito a m'nyumba za matanki zimenezi adziwa bwino m'mene asidi amadyera mbale ndi m'mene mbale yoipa imatayira magetsi. Migodi ina ya ku America inasiya mbale za mtovu n'kuyamba mbale za titanium zokutidwa, ndipo inapulumutsa magetsi. Motero wophunzira luso la zokutira angathandize migodi lero lomwe, makina a haidrojeni asanafike.

Cobvuta ndi cakuti zitsulo zambiri zimacoka m'dziko lino zisanasulidwe kukhala katundu. Mwala wa manganese umatuluka pa lole pa mtengo wocepa, ndipo ukabwera ngati batire kapena mbale yokutidwa, mtengo wake umakhala utaculuka kambirimbiri. Mu April 2022 maboma a Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano mu Lusaka lakuti agwirizane kupanga zipangizo za mabatire ndi zitsulo zao. Ganizo lomwelo liyenera pa zokutira.

Anansi a dziko lino anayambapo kale. Dziko la South Africa linakhazikitsa nchito yofufuza ya Hydrogen South Africa mu 2008, ndi colinga cakuti platinum wao asamangotuluka ali mwala. University of Cape Town ndi bungwe la Mintek anapatsidwa mbali yopanga zofulumizitsa. Ku Namibia, mu April 2025, fakitale ya Oshivela pafupi ndi Arandis inatsegulidwa kuti iziyenga citsulo ndi haidrojeni wocokera ku magetsi a dzuwa m'malo mwa malasha.

MAGETSI AYAMBE AKWANA

Palibe amene angaiwale cilala ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, madzi anatsika mu Kariba, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kukhala maola ofika 21 pa tsiku popanda magetsi. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo mitengo yambiri inagwa cifukwa ca makala.

Dziko limene magetsi ake oposa magawo 80 pa 100 anali kudalira madamu silingatenge magetsi a zipatala ndi zigayo n'kukapatulira madzi. Mamegawati 750 a ku Kafue Gorge Lower, amene anatsegulidwa onse mu 2023, naonso amadalira mvula. Ciyembekezo cili pa dzuwa, limene silisowa ngakhale m'caka ca cilala. Malo opangira magetsi a dzuwa a Bangweulu ndi Ngonye kum'mwera kwa Lusaka anayamba mu 2019, ndipo a mamegawati 100 ku Chisamba anatsegulidwa mu 2025. Malo otere akadzaculuka, masana kudzakhala magetsi otsala, ndipo amenewo ndiwo angasandutsidwe haidrojeni ndi fataleza. Tsiku limenelo likadzafika, funso lidzakhala lakuti mbale za m'makinawo anakuta ndani, ndipo akadzasupuka adzazikonza ndani.

UDINDO WA KU LONGACRES

Alimi adziwa kuti kufufuza kumatenga nthawi koma kumabala. Mbeu za cimanga za MM 603 ndi MM 604, zimene zinafala m'midzi m'zaka za m'ma 1980, zinatuluka ku Mount Makulu patapita zaka zambiri za kuyesa, ndipo ku Msekera pafupi ndi Chipata kwatuluka mbeu zabwino za nshawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufufuza za zitsulo kufuna kudekha komweko, pamodzi ndi ndalama zosadukiza.

Lamulo la Sayansi ndi Luso la 1997 linakhazikitsa bungwe la National Science and Technology Council, limene kwa zaka zambiri lakhala ndi maofesi m'nyumba ya Curriculum Development Centre ku Longacres, ndipo limayang'anira thumba la ndalama zothandizira ofufuza. Ofufuzawo ali ku University of Zambia, kumene sukulu ya za migodi inayamba mu 1973, ku Copperbelt University mu Kitwe, ndi ku bungwe la NISIR kufupi ndi Chelstone. Maiko a mu Africa anagwirizana kuti liri lonse liziika gawo limodzi pa magawo 100 a cuma cake pa kufufuza. Ciwerengero ca mu 2008 cinaonetsa kuti Zambia inali isanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a muyeso umenewo.

Kuyesa zokutira za nickel ndi manganese sikufuna nyumba zazikulu ngati za mgodi. Kumafuna cipinda coyesera cokhala ndi magetsi osazimazima, ng'anjo yaing'ono, zipangizo zoyezera, ndi anyamata ndi atsikana odziwa masamu ndi sayansi ya mankhwala. Ambiri mwa ana otere ali m'masukulu a kumidzi, kumene mphunzitsi amajambula kupatula madzi pa bolodi cifukwa batire ndi nthambo palibe. Phunzirolo linalembedwa ku Longacres, mayeso ake amakonzedwa ku Longacres, koma mwana amene sanaonepo tithovu tikutuluka m'kapu ya madzi amangoloweza.

Makolo ali ndi mbali yao. Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi angathe kufunsa ngati sukulu ili ndi zipangizo za sayansi, ndi kufikitsa pempho limeneli kwa makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo pamene ndalama za citukuko ca m'madera zikugawidwa. Angathenso kulimbikitsa ana, makamaka atsikana, kuti asathawe masamu. Mutu umodzi susenza denga: mgodi upereke citsulo, Boma lipereke ndalama zofufuzira, mudzi upereke ana ophunzira. Zitatuzi zikakumana, nickel wa ku Kalumbila ndi manganese wa ku Mansa angadzakute mbale zopangira fataleza wa alimi a ku Katete.